Timu ya baseball ikasinthanitsa woponya wake wodalirika, phindu lake timaliyeza bwanji?

Pa 7 Julayi 2008 timu ya baseball ya ku Cleveland inatumiza CC Sabathia ku Milwaukee Brewers. Sabathia anali woponya wamanzere (woponya ndi wosewera amene amaponyera mpira omenya a timu inayo), ndipo mu 2007 ndiye anatenga mphotho ya Cy Young, yomwe imapita kwa woponya wopambana onse m'ligi. Posinthana naye, Cleveland inalandira anyamata anayi a m'maligi ang'onoang'ono. Amene atolankhani ankamukamba kwambiri anali Matt LaPorta, womenya wamphamvu yemwe ambiri ankayembekezera kuti afika msanga m'ligi yaikulu n'kukhazikikamo. Wachinayi sanatchulidwe n'komwe tsikulo. Matimu awiriwa anapangana kuti adzamusankha sizoni ikatha, ndipo mu Okutobala zinadziwika kuti ndi Michael Brantley. LaPorta anayesa zaka zinayi koma zinakanika. Brantley anasewera ku Cleveland zaka khumi, ndipo mu 2014 anakhala wachitatu pa mavoti a wosewera wopambana onse mu American League, limodzi mwa magawo awiri a ligi yaikulu (linalo ndi National League).

Nako ku Milwaukee, Sabathia anayamba magemu 17, anapambana 11, n'kugonja 2 okha. Magemu 7 anawamaliza yekha popanda womulowa m'malo. Kumapeto kwa Seputembala anaponya katatu motsatizana atapuma masiku atatu okha m'malo mwa anayi, ndipo pa tsiku lomaliza la sizoni anagonjetsa Chicago Cubs n'kulowetsa Brewers mu ndime ya chipulula, koyamba chiyambire 1982. Mu Disembala anasaina ndi New York Yankees kontrakiti ya zaka 7 ya madola 161 miliyoni. Milwaukee inamugwiritsa ntchito miyezi itatu basi.

Tsono anapindula ndani? Kungoika maina awiri pasikelo sikungayankhe funsoli. Pafunika kudziwa kaye chimene chimachoka m'manja mwa timu ikamasula woponya wake.

Chimene chimagulitsidwa ndi zaka za kontrakiti

Amene anazolowera mpira wamiyendo amadziwa kuti timu ikafuna wosewera imalipira ndalama ku timu inzake, wosewerayo n'kusaina kontrakiti yatsopano. Ku Major League Baseball, ligi ya matimu 30 a ku America ndi Canada, sizitero. Wosewera amasinthanitsidwa ndi osewera anzake, ndipo amanyamuka ndi kontrakiti yake momwe ilili: malipiro omwewo, zaka zotsala zomwezo. Kawirikawiri safunsidwa maganizo, pokhapokha kontrakiti yake ikhale ndi mawu oletsa kumusamutsa, kapena akhale kuti wakwanitsa zaka 10 m'ligi, zisanu zomalizazo ali pa timu imodzi.

Woponya woyamba ndi wodula chifukwa cha kukula kwa ntchito yake. Sizoni ili ndi magemu 162. Gemu ili ndi zigawo 9 zotchedwa ma inning, ndipo timu iyenera kutulutsa omenya 27 a timu inayo, atatu pa inning iliyonse. Oponya asanu ndiwo amayamba magemu mosinthana, aliyense magemu 32 kapena kuyandikira apo, ndipo wolimba amafika ma inning 180 mpaka 200 pa sizoni. Mu chipulula cha mu Okutobala mumakhala masiku opuma ambiri, choncho timu imangodalira oponya atatu kapena anayi, ndipo woponya wamkulu amasenza gawo lalikulu kuposa la pakati pa sizoni.

Lamulo la zaka likuyenda motere. Masiku 172 m'ligi yaikulu amawerengedwa ngati chaka chimodzi. Zaka zitatu zoyamba wosewera amalandira malipiro oyandikira otsikitsitsa, omwe mu 2024 anali madola 740,000. Zaka zitatu zotsatira amalowa mu arbitration: iye ndi timu akalephera kumvana, aliyense amatchula chiwerengero chake, oweruza atatu n'kusankhapo chimodzi. Malipiro amakwera chaka ndi chaka koma safika pa mtengo wa pamsika. Akakwanitsa zaka 6 amakhala womasuka, ndipo akhoza kusaina kulikonse. Ndiye funso loyamba pa msintho uliwonse ndi ili: munthuyu watsala ndi masizoni angati asanamasuke, ndipo timu yomutengayo imulipira zingati pa masizoniwo?

Kuti luso lisanduke ndalama, owerengera amagwiritsa ntchito WAR. Ichi ndi chiwerengero cha magemu omwe wosewera wawonjezera ku zipambano za timu, poyerekeza ndi wosewera wamba amene timu ingamupeze mosavuta pa malipiro otsika. Woponya wapakatikati amabweretsa WAR pafupifupi 2 pa sizoni, wabwino kwambiri 4 kapena 5, ndipo wolimbirana Cy Young amafika 6 kapena kupitirira. Pa msika wa osewera omasuka, WAR imodzi ambiri akhala akuiwerengera pa madola 8 mpaka 10 miliyoni m'zaka zaposachedwazi.

Tiyese masamuwa pa Chris Sale. Pa 6 Disembala 2016 Chicago White Sox inamutumiza ku Boston Red Sox atatsala ndi masizoni atatu, pa malipiro a madola 12 miliyoni, 12.5 miliyoni ndi 13.5 miliyoni, onse pamodzi 38 miliyoni. Titati tiyembekezere WAR 5 pa sizoni, ndiye kuti 15 pa masizoni atatu. Pa mtengo wa 8 miliyoni, ntchito imeneyi ndi ya madola 120 miliyoni. Tikachotsa malipiro ake, patsala 82 miliyoni, ndipo ichi ndicho chuma chomwe Chicago inali kugulitsa. Wowerengera wosamala amatsitsako chiwerengerochi pang'ono, chifukwa mkono wa woponya ukhoza kuvulala tsiku lililonse ndipo sizoni ya kutsogolo siidziwika ngati ya chaka chino. Komabe chuma chachikulu chotere ndicho chinachititsa Boston kupereka Yoán Moncada, yemwe ambiri ankamuika pamwamba pa anyamata onse a m'maligi ang'onoang'ono, pamodzi ndi Michael Kopech ndi ena awiri.

Woponya wa luso lomwelo akhala wotchipa kwambiri ngati kontrakiti yake ikutha m'sizoni yomweyo. Msika wosinthana osewera umatsekedwa kumapeto kwa Julayi kapena m'masiku oyambirira a Ogasiti, ndipo wotengedwa pa nthawiyo amangoyamba magemu 10 mpaka 12. Wa WAR 5 pa sizoni sakwanitsa ngakhale 2 m'miyezi iwiri. Ochemerera ambiri amakhumudwa pamenepa, chifukwa amaona dzina lalikulu likuchoka n'kumayembekezera mnyamata wotchuka, pomwe timu yagulitsa magemu khumi okha. Palinso lamulo lina lomwe linayamba mu 2012. Timu ikapereka qualifying offer, kontrakiti ya chaka chimodzi ya mtengo woikika, kwa wosewera wake yemwe akumasuka, iye n'kuikana n'kusaina kwina, timuyo imapatsidwa mwayi wowonjezera pa chisankho cha anyamata atsopano chomwe amati draft. Koma wosewera amene wasamutsidwa pakati pa sizoni sangapatsidwe qualifying offer. Choncho timu yogulitsa iyenera kulandira zoposa mwayi wa draft umene ikanaupeza ikanamusunga, apo ayi msinthowo ulibe ntchito. Milwaukee itatumiza Corbin Burnes ku Baltimore pa 1 Febuluwale 2024, sizoni isanayambe, Baltimore inagula sizoni yathunthu pamodzi ndi ufulu wa qualifying offer, ndipo inalipira Joey Ortiz, DL Hall ndi mwayi wa nambala 34 pa draft.

Chimene chimakweza mtengo wa mu Julayi ndi kusiyana kwa njala ya matimu. Zipambano ziwiri zowonjezera zilibe phindu kwa timu yomwe ikulowera ku zipambano 70, koma kwa yomwe ili pa 88 ndizo zimasiyanitsa kulowa chipulula ndi kupita kunyumba. Brewers ya 2008 inamaliza ndi zipambano 90 ndipo inalowa ndi gemu imodzi yokha. Popanda Sabathia sikanalowa.

Ndalama nazo ndi mbali ya msintho, ndipo ambiri amaziiwala. Mu Julayi 2023 New York Mets inatumiza Max Scherzer ku Texas Rangers. Scherzer anali ndi zaka 39 ndipo ankalandira madola 43.3 miliyoni pa chaka, kotero kuti pa kontrakiti yakeyo panalibe chuma chotsala. Mets inavomera kulipira madola oposa 35 miliyoni a malipiro akewo, ndipo n'chifukwa chake inalandira Luisangel Acuña. Poyeza msintho wotere, ndalamazo ziikidwe ku mbali ya zomwe timu yapereka.

Woponyayo ndi wotani kwenikweni

Chiwerengero chomwe chimatchulidwa kwambiri ndi ERA, ma run (zigoli za baseball) omwe woponya amalola pa ma inning 9 alionse. Pansi pa 3.00 ndi pabwino zedi, pamwamba pa 4.50 ndi pokayikitsa. Koma ERA ili ngati chikomekome cha mkuyu, mkati mwake muli zambiri zosakhala za woponya: luso la anzake ogwira mpira kumbuyo kwake, kukula kwa bwalo, ndi mwayi wa komwe mpira wagwera. Ku Coors Field mumzinda wa Denver, womwe uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mpira umauluka patali ndipo ERA ya aliyense imafufuma. N'chifukwa chake matimu amayang'ana FIP, yomwe imangowerenga zinthu zomwe woponya amachita yekha: omenya amene wawatulutsa ndi strikeout (powaphonyetsa mpira katatu), amene wawapatsa base yaulere (kuwalola kupita pa malo oyamba othamangirapo chifukwa choponya pambali), amene wawagenda ndi mpira, ndi ma home run (mipira yomenyedwa mpaka kudumpha mpanda wa bwalo) omwe walola. ERA ikakhala yotsika kwambiri kuposa FIP, wogula achenjere, chifukwa kawirikawiri ERA ndiyo imabwerera kukakumana ndi FIP.

Kenako pali thanzi. Liwiro la fastball, mpira woponyedwa mothamanga kwambiri, likatsika ndi makilomita atatu pa ola poyerekeza ndi chaka chatha, ndi chizindikiro choti pafunika kufufuza chigongono ndi phewa. Msintho usanatsirizike, madokotala a timu yogula amawerenga mabuku a chipatala a wosewerayo ndi zithunzi za MRI, ndipo misintho ina imafera pomwepo. Mtsempha wa m'chigongono ukaduka pamafunika opaleshoni ya Tommy John, yomwe Dokotala Frank Jobe anaichita koyamba mu 1974, ndipo woponya amakhala kunja miyezi 12 mpaka 18. Kuvulala kwa phewa n'koopsa kuposa apa, chifukwa ambiri sabwereranso pa liwiro lawo lakale.

Chinthu chovuta kwambiri kuyeza ndi luso lomwe timu yogulitsa yalephera kulitulutsa. Gerrit Cole anamaliza 2017 ku Pittsburgh Pirates ndi ERA ya 4.26, atatsala ndi masizoni awiri. Mu Januwale 2018 Pirates inamutumiza ku Houston Astros n'kulandira Joe Musgrove, Colin Moran, Michael Feliz ndi Jason Martin. Ku Pittsburgh oponya ankalimbikitsidwa kuponya sinker, mpira wotsika womwe womenya amaugunditsa pansi. Houston inamuuza Cole kuti achepetse sinker, aziponya fastball yowongoka cha m'mwamba ndi mipira yokhota yochuluka. Mu 2018 ERA yake inatsika kufika 2.88 ndi ma strikeout 276, ndipo mu 2019 inali 2.50 ndi ma strikeout 326. Pirates inagulitsa Cole pa mtengo wa woponya wa 4.26, pomwe Houston inkaona kale munthu wina mwa iye. M'kuona kwanga, cholakwa chachikulu cha Pittsburgh chinachitika msintho usanachitike, m'maphunzitsidwe ake.

Kuyeza anyamata omwe abwera

Ofufuza luso amapereka malikisi kuyambira 20 mpaka 80 pa luso lililonse la mnyamata, kenako malikisi amodzi a tsogolo lake lonse. Wa 50 akuyembekezeka kudzakhala wosewera wapakatikati wa tsiku ndi tsiku m'ligi yaikulu, wa 60 wosewera wa pamwamba, wa 40 wothandizira chabe. Anthu amanyoza 50, koma wosewera wapakatikati wa WAR 2 pa sizoni, kwa zaka 6 zomwe zitatu mwa izo ndi za malipiro otsikitsitsa, ndi chuma chachikulu kwa timu yopanda ndalama zambiri.

Malikisiwo ayenera kuwerengedwa limodzi ndi msinkhu komanso ligi yomwe mnyamata akusewera. Makwerero ake ndi Single-A, High-A, Double-A ndi Triple-A, ndipo pansi pa onsewa pali maligi a ongoyamba kumene. Wa zaka 20 yemwe akulimba ku Double-A ndi wodalirika kuposa wa zaka 24 yemwe akuzunza ana ku Single-A. Wa pafupi ndi ligi yaikulu amadziwika bwino zomwe angathe ndi zomwe sangathe. Wa kutali akhoza kukhala chilichonse. Mu Juni 2016 San Diego Padres inatumiza James Shields ku White Sox n'kulandira Erik Johnson ndi mnyamata wa zaka 17 yemwe anali asanasewerepo gemu ngakhale imodzi m'maligi ang'onoang'ono, Fernando Tatis Jr. Mu 2021 Tatis anatsogola mu National League ndi ma home run 42. Nkhani ngati iyi imakumbukika chifukwa sichitikachitika. Anyamata ambiri a zaka 17 omwe amaikidwa kumapeto kwa msintho safika n'komwe m'ligi yaikulu, ndipo fodya wapachala ngwamphepo.

Pakati pa womenya ndi woponya a malikisi ofanana, womenya ndiye wamtengo wapatali, chifukwa mkono wa woponya wachinyamata umavulala kawirikawiri. Kopech, amene ankaponya kupitirira makilomita 160 pa ola, anaduka mtsempha wa m'chigongono mu Seputembala 2018 atangoyamba magemu anayi ku Chicago.

Kuchuluka kwa maina kusapusitse munthu. Anyamata anayi a malikisi 40 safanana ndi mmodzi wa 60, chifukwa pabwalo pali malo owerengeka ndipo othandizira amapezeka mosavuta. Palinso vuto la kaundula wa osewera 40. Mnyamata amene anasaina ali ndi zaka 18 kapena kucheperapo ayenera kulowa m'kaundulayu pakatha masizoni asanu, wa zaka 19 kupita m'mwamba pakatha anayi. Akapanda kulowa, timu ina ikhoza kumutenga pa Rule 5 draft mu Disembala. Timu yogula nthawi zina imapereka anyamata omwe inali pafupi kuwataya kale mwa njira imeneyi, ndipo wogulitsa amalandira mtolo womwe alibe pouika.

Kuweruza kawiri

Msintho uliwonse uyenera kuweruzidwa pa tsiku lomwe wachitika, ndi zomwe zinkadziwika tsikulo, kenako n'kuuonanso pakatha zaka zisanu kapena zisanu n'chimodzi. Ziweruzo ziwirizi zisasakanizidwe.

Pa 31 Julayi 2018, miyezi isanu n'umodzi itangogulitsa Cole, Pirates, yomwe inali itapambana magemu 11 motsatizana m'mweziwo, inasanduka wogula. Inatenga Chris Archer ku Tampa Bay Rays n'kupereka Tyler Glasnow, Austin Meadows ndi wina wodzatchulidwa pambuyo, yemwe anadzakhala Shane Baz. Archer anali ndi kontrakiti yotchipa yofika mpaka 2021, koma ERA yake inali itapitirira 4.00 mu 2016, mu 2017 ndi m'sizoni yomweyo. Pirates inamaliza ndi zipambano 82 ndipo sinalowe chipulula. Mu 2019 Archer anali ndi ERA ya 5.19, Meadows anamenya ma home run 33, ndipo Glasnow, yemwe ku Pittsburgh anali ndi 7.69 mu 2017, anali ndi 1.78 pa magemu 12. Msintho uwu unali woipa pa ziweruzo zonse ziwiri. Timu yomwe sinali pafupi kwenikweni ndi chikho inapereka osewera awiri ofika kale m'ligi yaikulu, aliyense ndi zaka zisanu kapena kuposerapo za malipiro otsika, n'kuwonjezeranso mnyamata amene inamusankha pa nambala 12 chaka chimodzi chapitacho.

Wa Detroit Tigers wa mu Ogasiti 1987 ndi wosiyana. Detroit inapereka John Smoltz, wa zaka 20, yemwe ankavutika ku Double-A, n'kulandira Doyle Alexander kuchokera ku Atlanta. Alexander anapambana magemu 9 osagonja, ndi ERA ya 1.53, ndipo Tigers inatenga malo oyamba m'gulu lake m'masiku omaliza a sizoni. Smoltz analowa mu Hall of Fame, mndandanda wolemekeza akatswiri opambana m'mbiri ya baseball, mu 2015. Atlanta inapindula kwambiri, koma Detroit inalandira chomwe inkafuna pa mtengo womwe unali womveka tsikulo.

Zomwe timu yachita ndi anyamata italandira ziyenera kuyezedwa pazokha. Mu Juni 2002 Cleveland inatumiza Bartolo Colón ku Montreal Expos, timu yomwe inali m'manja mwa ligi ndipo inkaopsezedwa kuti ithetsedwa, choncho inalibe chifukwa chosungira za mawa. Cleveland inalandira Grady Sizemore, Cliff Lee, Brandon Phillips ndi Lee Stevens. Cliff Lee anatenga Cy Young mu 2008. Phillips, yemwe anali dzina lalikulu pa msinthowo, Cleveland inamutaya mtima n'kumupereka ku Cincinnati mu 2006, ndipo kumeneko ndiko anakachita zazikulu. Amene anasankha Phillips mu 2002 anasankha bwino. Kutaya kwa mu 2006 ndi mlandu wina.

Pomaliza pake pafunika kutsata komwe wosewera aliyense wolandiridwa anakathera, chifukwa ena amasinthanitsidwanso, ndiponso kuona ngati akula pa nthawi imodzi ndi anzawo omwe timu ili nawo kale. Kansas City Royals inatumiza Zack Greinke ku Milwaukee mu Disembala 2010 atatsala ndi masizoni awiri, n'kulandira Lorenzo Cain, Alcides Escobar, Jeremy Jeffress ndi Jake Odorizzi. Cain ndi Escobar anali okonzeka kusewera m'ligi yaikulu, ndipo anakulira limodzi ndi Eric Hosmer, Mike Moustakas ndi Salvador Pérez, omwe Royals inkalera yokha. Odorizzi anaikidwa mu msintho wa mu Disembala 2012 ndi Tampa Bay, womwe unabweretsa James Shields ndi Wade Davis. Cain anasankhidwa wosewera wopambana mu ndime yomaliza ya American League mu 2014, Escobar mu 2015, ndipo Davis ndiye anatulutsa womenya womaliza wa Mets pomwe Royals inkatenga World Series, chikho cha ligi yonse, mu 2015, patatha zaka zisanu Greinke atachoka.